Kuvinira Kadiso Kofiira

Velaphi Mthiyane anali ndi nthenda imodzi yokha, ndipo dzina la nthendayo linali Zwelakhe Cebekhulu. Onse awiri anali atsogoleri a magulu a isicathamiya, nyimbo zathu zija zoimba amuna okhaokha popanda ng'oma kapena gitala, atavala masuti ndi magolovesi oyera, mapazi akunyang'ama pansi ngati mphaka. Mthiyane ankatsogolera Atambala a ku Vryheid, Cebekhulu ankatsogolera Akambuku a ku Mtubatuba. Zaka zinayi m'mbuyomo, pa mpikisano wa ku Durban, Akambuku anavina sitepe imene Mthiyane ankalumbira kuti inali yake, n'kupita nayo mbuzi ya mphotho. Umboni panalibe, koma Mthiyane sankausowa umboniwo. Ankati munthu sangasokoneze mapazi ake ngakhale atawaona pa miyendo ya wina.

Chaka chimenechi anali ndi sitepe yatsopano. Anaisunga m'mutu kuyambira Januwale, akuipanga pang'onopang'ono kubekari kumene ankagwira ntchito, ndipo sanaionetse munthu aliyense, ngakhale mkazi wake MaZungu, amene ataona mapazi a mwamuna wake akungoyendayenda pansi pa tebulo anamugulira mankhwala a linyetsu. Chimene Mthiyane ankafuna chinali chimodzi basi: anthu aone sitepe imeneyi koyamba pa miyendo ya Atambala, adziwe kuti mwini wake ndani.

N'chifukwa chake anakana zokagona ku hositelo ya ku KwaMashu monga ankachitira chaka ndi chaka popita ku mpikisano wa ku Durban. Anati kumeneko aliyense ali ndi msuweni ku Mtubatuba. Mwana wake wamkazi anawapezera pafoni nyumba ya alendo ku Amanzimtoti, ya masiku anayi, ya mayi wina dzina lake Moodley, amene sanaonane nawo n'komwe. Makiyi anangowasiya m'kabokosi ka manambala pakhomo.

Anafika Lachinayi masana, amuna khumi ndi masuti awo m'mapulasitiki. Asanakhale pansi, Mthiyane anasonkhanitsa mafoni onse n'kuwaika m'firiji, m'kabati ya ndiwo zamasamba. Kenako anakankhira mipando kukhoma, ndipo iye anayamba kuphunzitsa.

Sitepeyo inali yovuta. Mizere iwiri ya anthu asanuasanu inkayenera kupyozana, aliyense akutembenuka pa nthawi yakeyake, kenako onse n'kupezeka mumzere umodzi nyimbo ikamatha. Kwa maola awiri kunali kugundana mapewa ndi kupondana zala. Ndiyeno Mfaniseni Biyela, chimunthu choimba besi chimene chimapenta nyumba, anatembenukira kolakwika penapake, wina anamupatuka, wachitatu anadzaza mpata umene unatsala, ndipo zonse zinangogwirana. Mizere ija inadutsana mosalala, amuna khumi n'kuima mumzere umodzi, phazi lomaliza likugunda pansi limodzi ndi liwu lomaliza. Mthiyane anazindikira kuti chimene ananyamula m'mutu chaka chonse chinali theka chabe, theka linalo analipeza ndi mapazi a anzakewa. Anasangalala mpaka misozi inalengeza m'maso, ndipo sanachite nayo manyazi.

Anatsegula pakamwa kuti anene kuti abwereze, asanaiwale mmene zachitikira.

"Bambo, musagwedezeke," anatero Skhumbuzo Ngubane.

Ngubane ameneyu amaitanira minibasi pa depoti, ndipo maphunziro ake onse a dziko lapansi anawatenga m'timavidiyo ta pafoni. Analoza ndi chibwano pakona, chakumwamba pafupi ndi denga. Panali kanthu koyera kapulasitiki, kakukulu ngati sopo wosambira, kali ndi kadiso kofiira. Anati onse aime chilili. Anaima, kadisoko n'kuzima. Mthiyane anakweza mkono pang'onopang'ono, kadiso kaja psuu. Anatsitsa mkono n'kuuma, kadiso zii. Anayesa katatu, ndipo katatu konse kanamuphethira.

Ngubane ananong'ona kuti wakhala akuziona zimenezi. Nyumba za alendo masiku ano zadzaza makamera obisika, m'mawotchi, m'mababu, m'zidole, ndipo amene waika kamerayo amaonera zonse pafoni pake ali kutali, ngakhale ku Mtubatuba.

Biyela anayang'ana kanthu kaja n'kunena mosatekeseka kuti ndi diso la belu lochenjeza za akuba. Anati tinthu totere amatichotsa sabata iliyonse akamapenta m'nyumba za anthu olemera, ndipo sitijambula kanthu. Tsoka lake linali loti zaka makumi awiri zapitazo anakwatira mlongo wake wa Cebekhulu, ndipo chichitikire nkhani ya sitepe yobedwa ija, mawu ake m'gululi ankalemera ngati nthenga ya nkhuku.

"Mwamva, abale," anatero Ngubane. "Alamu ake a Cebekhulu akuti mtima pansi. Ndiye tiyeni tivine momasuka, tikafuna tiwalembere ndi papepala."

Biyela anangotembenuka. Anapita kukhitchini kukadya buledi.

Mthiyane analoleza foni imodzi kutuluka m'firiji, ndipo Ngubane ataipukuta nkhungu anatenga udindo wa mkulu wa asilikali. Analamula kuti atseke makatani onse, nyumba ide ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo, chifukwa diso la kamera limanyezimira likaunikidwa ndi tochi. Amuna akuluakulu, ena a zidzukulu, anayamba kukwawa pambuyo pa kuwala kwa foniyo. Zinthu zonyezimira m'nyumba ya alendo n'zambiri. Inanyezimira ketulo, inanyezimira misomali ya pakabati, ananyezimira maso a nsomba yamtengo imene inapachikidwa pakhoma. Kuseri kwa sofa kunanyezimira kanthu kachikasu, anthu atatu n'kukalumphira nthawi imodzi, koma linali dzino lagolide la mnzawo amene anakwawira kumeneko kuchokera mbali ina.

Pa galasi la kuchipinda panavuta. Ngubane anati munthu ugunditse chala pagalasi: pakakhala mpata pakati pa chala ndi chithunzi chake ndiye kuti zili bwino, pakapanda mpata ndiye kuti kuseri kuli wina akukuyang'ana. Kenako anati mwina ndi mosemphanitsa. Zala khumi zinagunda galasilo, mkangano unabuka woti mpata ndi chiyani, ndipo mapeto ake analifunditsa bulangete. Wotchi ya pakhoma anaimasula mpaka tizitsulo take tinadzaza mbale. Nsomba ija anaitembenuzira kukhoma. Mpopi wa shawa anauveka sokosi. Kambale koyera ka kudenga, kamene Biyela anafuula ali kukhitchini kuti n'konunkhiza utsi ndipo asakagwire, anakatosa ndi tsache, ndipo kanalira mpaka mayi wa nyumba yoyandikana anabwera kudzafunsa ngati kukupsa.

Pofika nthawi ya tiyi, chilichonse m'nyumbamo chinali chitapezeka chosalakwa kapena chitamangidwa kumaso. Kanatsala kadiso kofiira kokha. Ngubane anakwera pampando ndi sokosi ina m'manja, koma Mthiyane anamugwira buluku.

Anawaitanira onse kubafa, natsegula mpopi kuti madzi aphimbe mawu. Mmenemo, ali pakati pa mikhwapa ya anzake, anafotokoza nzeru yake, ndipo tiyenera kuvomereza kuti inali nzeru yamunthu woganiza kwambiri, mwina mopitirira. Kadisoko kanali kataona kale sitepe yeniyeni. Akakaphimba, mbava idziwa kuti yagwidwa, ndipo ingothamangira kukaphunzira zimene yajambula. Njira inali imodzi yokha: mbavayo ikhulupirire kuti zimene yaonazo zinali zongotenthetsera miyendo, sitepe ya mpikisano ikubwera. Aipatse sitepe ina, yoipa kwambiri, Cebekhulu akaibe n'kukadzichititsa manyazi pamaso pa Durban yense.

Anatuluka kubafa nkhope zili zolimba. Mthiyane anaima pakati pa balaza, nakonza kolala, n'kulankhula mokweza akuyang'ana anzake koma khosi litapendekera kukona.

"Chabwino, anyamata. Zachibwana zija tazisiya, sizingapambane ngakhale nkhuku. Tsopano ndikupatsani sitepe yeniyeni, imene ndakhala ndikubisa chaka chonse. Cebekhulu ataiona imeneyi akhoza kukomoka."

Kadiso kanaphethira, ndipo Ngubane anagwedeza mutu kusonyeza kuti uthenga wafika.

Sitepe yabodzayo anaipanga pomwepo, aliyense akuponyapo choipa chake. Munthu unkayamba ngati waponda mchenga wotentha, kenako n'kukweza phazi lamanzere kuyang'ana kunsi kwa nsapato ngati waponda za galu. Ukatero unkadzisisita matumba onse kufuna makiyi otayika, n'kubwerera chambuyo katatu matako atatsogola, n'kumaliza ndi kudzimenya mbama pa thako lamanja, nkhope ili yaulemu ngati uli pamaliro. Nthawi yoyamba anthu awiri anathawira kubafa kukaseka atadziluma thaulo. Biyela anavina nawo. Mwa onse, iye ndi amene ankayang'ana kunsi kwa nsapato mochititsa chisoni kwambiri.

Lachisanu anaivina kuyambira m'mawa. Mbava sikanakhulupirira sitepe imene eni ake sakuilimbikira, choncho anailimbikira. Ankapuma kokha pofuna kudya amagwinya, mandasi akumeneko, kapena phuthu ndi amasi, nsima yoyoyoka ya chambiko, ndipo ngakhale pakudyapo ankayamikira sitepeyo mokweza, wina n'kumati agogo ake akanakhala moyo akanalira. Apa m'pamene nthenda ina ya Mthiyane inaonekera, imene ngakhale iye sankaidziwa. Munthuyu sankatha kuona chinthu chikuchitika mwaulesi, ngakhale chinthucho chikhale chopusa. Anayamba kukalipa kuti mbama za pathako sizikulira pamodzi. Anakonza kuti mapazi onse khumi azikwera msinkhu umodzi. Anati ngati akuipitsa aipitse mogwirizana, chifukwa Cebekhulu ndi wakuba koma si chitsiru. Pofika Loweruka masana anawavinitsa atavala masuti ndi magolovesi, ndipo mbama khumi zija zinkamveka ngati imodzi.

Nanga sitepe yeniyeni? Anayesa kuikumbutsana kubafa, koma mmenemo munkalowa anthu awiri ovina ndi theka la wachitatu. Anapita kunyanja, napeza gombe lonse lili mafoni okhaokha, mwana aliyense akujambula mnzake. Biyela anamutengera Mthiyane pambali n'kumuuza mwaulemu kuti chinthu chimene chatheka kamodzi kokha chimafunika kuchibwereza chikadali chofunda. Mthiyane anamuyang'ana kuyambira kumapazi, nati zimene zalowa m'magazi sizituluka, ndipo akaikumbutsana Lamlungu kuseri kwa holo. Lamlungu atafika anapeza kuseri kwa holoko kwaima minibasi ya Akambuku, Cebekhulu ali pawindo akudya nthochi.

Mpikisano unayamba dzuwa litapendeka pang'ono. Monga mwa mwambo, woweruza anakamutola pamsewu, munthu wosadziwa gulu lililonse, kuti pasakhale zokondera. Ulendo uno anapeza bambo wina amene ankadikira basi, ndipo anamukhazika patebulo kutsogolo ndi kabichi wake m'jumbo.

Akambuku anakwera pansanja Atambala asanakwere. Mthiyane anakhala kumapeto kwa benchi mtima uli m'mwamba, akudikira chimodzi mwa ziwiri: sitepe yake yokondedwa pa miyendo ya mbava, kapena Cebekhulu akudzimenya pathako pamaso pa anthu. Sizinachitike zonse ziwiri. Akambuku anavina sitepe yawo yakale, ya chaka chatha, ndipo anaivina bwino ndithu. Ngubane ananong'ona kuti mwina ku Mtubatuba netiweki inavuta. Biyela sanatembenuke n'komwe, anangopitiriza kuvala magolovesi ake.

Atambala anakwera. Ndime yoyamba inayenda bwino, mabesi akugunda pansipansi, mawu a Mthiyane akuyandama pamwamba. Itafika nthawi ya sitepe, iye anapereka chizindikiro ndi dzanja n'kuponya phazi kumanja, kumene mizere iwiri ija inkayenera kuyambira kupyozana. Kumbuyo kwake kunalibe mizere iwiri. Atacheuka anaona amuna asanu ndi anayi, maso ali tong'o ndi mantha, onse akuponda mchenga wotentha. Mitu yawo inkadziwa kuti akulakwitsa, koma miyendo inali itaphunzira masiku atatu ndipo sinafunse munthu. Mapazi asanu ndi anayi anakwera msinkhu umodzi, nkhope zisanu ndi zinayi zinayang'ana kunsi kwa nsapato. Mtsogoleri sangavine zake yekha gulu likuvina zina. Mthiyane, mtima ukuwawa, anayamba kudzisisita matumba kufuna makiyi.

Muholo munayamba mwati zii. Kenako mbama khumi zinalira ngati imodzi, ndipo denga linatsala pang'ono kusasuka. Amayi anaimirira akuimba nthungululu, ena anathamangira pansanja kukakoleka mipango m'makosi mwa oimba. Woweruza anaseka mpaka anagwetsa kabichi. Ndime itabwereranso, anthu a kumbuyo anali akuyesera kale kubwerera chambuyo pakati pa mabenchi. Mbuzi inapita kwa Atambala popanda ndi mmodzi yemwe wotsutsa. Cebekhulu anabwera yekha kudzagwira Mthiyane chanza, akupukuta misozi ya phwete, nati pa zaka zonse zimene wamudziwa sankaganiza kuti ali ndi nzeru zotere.

Miyezi itatu yotsatira Atambala sanapume. Ankawaitana ku maukwati, ku maphwando a sukulu, ngakhale kotsegulira sitolo ya matayala, ndipo kulikonse anthu ankafuna chinthu chimodzi. Ana a ku Vryheid ankaivina popita kusukulu. Anaipatsa ndi dzina lomwe, ankaitchula kuti Mthiyane, moti munthu akaponda za galu mumsewu anzake ankamuuza kuti wayamba Mthiyane. Dzina limene ankafuna kuti lidziwike linadziwika ndithu, ndipo panalibe mbava imene ikanalimba mtima kunena kuti sitepeyo ndi yake. MaZungu ankanyadira. Mwini dzina ankamwetulira pagulu, koma mumtima zinkamunyansa.

Loweruka lina masana anaitanitsa gulu lonse m'galaja ya tchalitchi, natseka chitseko. Anati tsopano avine yeniyeni ija. Anaima m'mizere iwiri, anayamba, anagundana. Anayambanso. Aliyense ankakumbukira kachidutswa kake, koma zidutswazo sizinkalumikizana. Onse anagwirizana kuti Biyela ndi amene anatembenukira kolakwika tsiku lija, koma Biyela sankadziwa kuti panali pati, kapena kuti anatembenukira kuti, poti munthu sasunga m'mutu polakwitsa pake. Anamulakwitsitsa dala pamalo asanu ndi awiri osiyanasiyana, kumanja ndi kumanzere, ndipo ulendo uliwonse ankangogunda Ngubane. Anayesa Loweruka limenelo, ndi lotsatira, ndi linanso. Mthiyane anayamba kuona kuti ngakhale theka lake lija, limene analisunga chaka chonse, layamba kusakanikirana ndi mchenga wotentha. Apa anachita mantha enieni.

Lolemba, pa nthawi yopuma kubekari, anapempha nambala kwa mwana wake n'kutuluka panja, ufa uli m'manja. Anakhala pa kreti pafupi ndi khomo la kumbuyo, naimbira Mayi Moodley.

Mayiwo anamukumbukira msanga, chifukwa cha wotchi. Mthiyane anapepesa za wotchiyo, za sokosi ya pashawa ndi za nsomba, kenako anatsitsa mawu.

"Mayi, ine sindikufuna kukuvutitsani, ndipo za apolisi palibe. Ndikungopempha. Kamera ija ya pakona pabalaza, zimene inajambula Lachinayi lija masana, cha m'ma fili koloko. Mphindi ziwiri zokha. Zinazo mukhoza kusunga."

Mayi Moodley anafunsa kuti kamera yake iti. Atawafotokozera za kadiso kofiira, anati limenelo ndi diso la belu la akuba, ndipo ngakhale belulo analichotsa chaka chatha, kanthuko kanangotsala chifukwa kukachotsa kukanasiya bowo pakhoma.

"Ndamva, mayi," anatero Mthiyane. "Koma mwina penapake. M'babu, kapena m'wailesi. Ena amaika, sindikuti n'kulakwa. Mwina bambo a kunyumba anaika inu osadziwa."

Apa mayiwo anapsa mtima. Anati nyumba yawo ndi yaulemu, akhala akulandira alendo zaka zisanu ndi zitatu ndipo sanasuzumirepo munthu. Anati akhoza kubwera ndi katswiri aliyense amene angafune, agwetse ndi denga lomwe, sapezamo kamera ngakhale imodzi. Zimene alendo amachita m'nyumba mwawo sizionedwa ndi aliyense, ndipo zimathera momwemo.

"Ngakhale kuseri kwa galasi?" anafunsa Mthiyane, mawu atachepa.

"Kuseri kwa galasi kuli khoma, bambo."

Anawathokoza mwaulemu, foni n'kuduka. Anakhalabe pa kretipo. Mapazi ake anayamba kuyenda okha pasimenti, kumanja, kutembenuka, kumanjanso, kenako anaima chifukwa sanadziwe kolowera. M'kati mwa bekari mnzake wina anamuona pawindo, nayamba kuombera m'manja ndi kuitana ena kuti abwere msanga, madala akufuna kuvina Mthiyane.